Ophunzira unamwino ndi odwala aulumali: vuto limayambira kusukulu kapena kuwodi?

NaBanda, Kasungu boma

Moni nonse. Ndabweretsa nkhani imene yakhala ikundisowetsa mtendere pa ntchito yanga yoyang'anira ophunzira unamwino akabwera kudzaphunzira ntchito m'mawodi, ndipo ndikupempha kuti tiikambirane modekha, poti pakati pathu pali anamwino, pali makolo, komanso pali anzathu aulumali amene ndi eni nkhaniyi. Chimene ndimaona ndi chakuti wophunzira amene amalankhula bwinobwino ndi odwala ena, akangoona kuti amene walowa ali pa njinga ya olumala, kapena wagwira ndodo yoyera, kapena samva, amasintha nthawi yomweyo. Maso ake amapita kwa gadiyani, nafunsa kuti, "Akudandaula chiyani awa?" pamene mwini thupi ali pompo ndipo ali ndi pakamwa pake. Ena amakweza mawu polankhula ndi munthu wosaona ngati kuti vuto lili m'makutu, ndipo ena amalankhula ndi bambo wa ana ake ngati akunyengerera khanda. Ana amenewa si ankhanza ayi, ambiri ndi achifundo kwambiri, ndipo nthawi zina ndimaganiza kuti chifundo chomwecho ndi chimene chikuwasokoneza.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 10.4 pa 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wa mtundu wina, kutanthauza kuti pa anthu khumi alionse amene ali pamzere wa kuchipatala, mmodzi akhoza kukhala wotere. Funso langa ndi lakuti, kodi khalidwe limeneli ophunzira amabwera nalo kuchokera kwawo, amalitenga m'kalasi, kapena timawapatsa ndife akuluakulu kuwodi?

aMwale, Chamama

Zikomo mayi NaBanda poiyambitsa. Ine miyendo yanga inapuwala ndi poliyo ndili mwana, ndipo lero ndine bambo wa banja, ndimalima fodya ndi soya ngati anzanga onse kuno. Ndinapita pa chipatala china thupi likutentha, mutu ukuwawa, ndipo aliyense akanatha kuganizira malungo, koma wophunzira amene anandilandira anayamba ndi kufunsa za miyendo: inayamba liti, ndimamva kuwawa pati, ndimasamba bwanji. Ndinachita kumuuza kuti miyendoyi ndakhala nayo moyo wanga wonse ndipo si imene yandibweretsa. Ngozi yake ili pamenepa, chifukwa namwino akangoona ulumali wokha, matenda enieni amene munthu wabwera nawo amatha kuphonyeka, ndipo malungo sadikira.

Chinanso ndi chakuti sikelo ya pachipatala imafuna kuti munthu aimirire, ndiye ife m'kabuku mwathu malo olembapo kulemera amangodumphidwa, pamene mlingo wa mankhwala ena umadalira kulemera kwa munthu. Palibe amene amandinyoza pamaso, koma mawu akuti "pepani bambo, Mulungu akuthandizeni" ndisananene n'komwe vuto langa amandiwawa kuposa chipongwe.

NaPhiri, Nkhamenya

Ine ndinagwira ntchito ya unamwino ndi uzamba mpaka kupuma, choncho ndiloleni ndiikire kumbuyo ana athuwa pang'ono, ngakhale zimene mwanena bambo Mwale n'zoona. Pa chipatala chaching'ono chakumudzi namwino mmodzi amatha kukhala ndi sikelo ya amayi oyembekezera, chipinda chochilira, ndi odwala obwera usiku, zonsezo payekha. Munthu wotere akaona gadiyani amene angafotokoze nkhani mwachangu, amatembenukira kwa iyeyo chifukwa mzere uli panja, osati chifukwa chopeputsa wodwalayo. Wophunzira amaima pambali n'kumaonerera, ndipo zimene waona kwa sisitala ndi zimene amatenga kuti ndiyo ntchito yeniyeni, pamene za m'buku amaziona ngati zongolembera mayeso. Choncho yankho langa kwa inu NaBanda ndi lakuti ambiri amaphunzira kwa ife. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba, ndipo kwa namwino poyambira penipeni ndi wodi yake yoyamba.

NaTembo, wophunzira wa chaka chachiwiri

Amayi anga NaPhiri ndi amayi NaBanda, ndikupempha kuti nanenso ndiyankhulepo monga mmodzi wa ophunzira amene mukuwakamba. Chimene ambiri a ife timamva tikakumana ndi wodwala waulumali ndi mantha, osati kunyansidwa. M'kalasi timaphunzira za sitiroko, za khunyu, za mwana amene ubongo wake unavulala pobadwa chifukwa chobanika, za chikasu chachikulu cha makanda, za malungo a muubongo ndi matenda oumitsa khosi amene amatha kusiya mwana wosamva. Timadziwa chimene chimayambitsa, zizindikiro zake ndi mankhwala ake, koma zonsezi timaziphunzira monga matenda ofunika kuwapewa kapena kuwachiza. Za munthu amene matendawo anadutsa kale, amene tsopano akukhala moyo wake ndipo wabwera ndi chifuwa chabe, sitikambirana mokwanira. Ndiye tikafika kuwodi timaopa kuti tikamugwira tim'pweteka, tikamufunsa tim'khumudwitsa, ndipo pothawa manthawo timathamangira kwa gadiyani.

Ndiyenera kuonjezera kuti ena a ife tinakula tikumva kuti thovu la munthu wa khunyu limapatsirana, kapena kuti mwana wolumala ndi chilango cha makolo ake. Pa mayeso timalemba molondola kuti zimenezi n'zabodza, koma ndaonapo mnzanga akubwerera m'mbuyo pamene wodwala wagwa khunyu, m'malo momugoneka cham'mbali ndi kuteteza mutu wake.

aZimba, Kasungu boma

Ine sindimva, ndipo kulemba kotereku ndi kumene kumandipatsa mpata wolankhula ndi anthu ambiri nthawi imodzi, choncho mundilole nditalikitseko. Mayi NaPhiri, ndamvetsa za kuchepa kwa anamwino, koma taganizirani chimene chimachitika namwino akadalira gadiyani pa munthu ngati ine. Ndikafuna kuyezetsa magazi, kapena ndikakhala ndi vuto la kumalo obisika, womasulira amakhala mlongo wanga kapena mwana wanga, ndiye kuti chinsinsi chimene wodwala wina aliyense amasungiridwa, ine ndilibe. Pali anzathu osamva amene amasankha kukhala kunyumba ndi matenda kusiyana ndi kuti mwana wawo amve zinthu zotere. Komanso wachibaleyo amafupikitsa: namwino alankhula nthawi yaitali, iye angondionetsa ndi zala kuti awiri m'mawa, awiri madzulo, ndipo za zovuta zimene mankhwalawo angabweretse sindizimva n'komwe.

Vuto limayambira pamzere pomwe. Mayina amaitanidwa ndi pakamwa, ndiye munthu wosamva amakhala pabenchi mpaka anthu onse atha, kenaka n'kumakalipiridwa kuti anali kuti. Nthawi ya Covid-19 zinafika poipa chifukwa masiki anatseka milomo imene ena a ife timawerenga. Kulemberana papepala kumathandiza kwa ife amene tinapita kusukulu za osamva monga ya ku Mua ku Dedza kapena ya ku Embangweni ku Mzimba, koma osamva ambiri a m'midzi sanapeze mwayi umenewo, ndipo ngakhale kwa ophunzira, chinenero chathu choyamba ndi cha manja, Chichewa cholemba chimabwera pambuyo. Sindikupempha kuti namwino aliyense akhale katswiri womasulira. Zizindikiro zochepa zokha, monga za kuwawa, kutentha thupi, kusanza, pakati, mankhwala, m'mawa ndi madzulo, zimasintha zambiri, ndipo bungwe lathu la anthu osamva la MANAD lili ndi anthu amene angaphunzitse. Choposa zonse ndi kuti namwino andiyang'ane ineyo polankhula, ngakhale womasulira alipo.

NaBanda, Kasungu boma

Bambo Zimba, mfundo ya chinsinsi imene mwanenayi ndi imene ophunzira anga sindinawamvepo akuiganizira, ndipo ikusonyeza kuti nkhaniyi si ya ulemu wokha komanso ya malamulo. Dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo ndime 25 ya panganoli imanena kuti anthu aulumali alandire chithandizo cha zaumoyo chofanana ndi cha wina aliyense, kuphatikizapo cha uchembere ndi kulera, kuti chithandizocho chiperekedwe mwini wake atamvetsa ndi kuvomereza mosakakamizidwa, komanso kuti ogwira ntchito zaumoyo aphunzitsidwe zimenezi. Kuno kwathu tinali ndi lamulo la za ulumali la 2012, limene lalowedwa m'malo ndi la 2024, ndipo ndi lamulo latsopanoli bungwe la boma loona za anthu aulumali limene tinkalidziwa kuti MACOHA linasanduka MACODA. Tsono gadiyani akavomera m'malo mwa munthu wamkulu amene akanatha kuvomera yekha, chilolezocho si chilolezo, ngakhale chala chitadindidwa papepala.

NaMbewe, Mtunthama

Popeza mwatchula za uchembere, ine ndilankhule monga mayi amene amayenda ndi ndodo ziwiri ndipo ali ndi ana. Palibe malo amene mkazi waulumali amachititsidwa manyazi kuposa kusikelo. Pa mimba yanga yoyamba, pa chipatala china, wophunzira anandiyang'ana n'kufunsa pamaso pa amayi anzanga kuti, "Ndani wakuchitani zimenezi?" ngati kuti mimbayo ndi ngozi imene yandigwera, chonsecho mwamuna wanga anali panja akundidikira ndi njinga. Nditachira, ndisanafunse n'komwe, nkhani inali yakuti ndisadzaberekenso, ndipo anayamba kukambirana ndi apongozi anga za njira yotseka. Amayi ena amafotokozeredwa njira zonse zakulera kuti asankhe okha, koma ife zimaoneka ngati chisankho chinapangidwa kale.

Bedi la m'chipinda chochilira ndi lalitali, ndipo chimbudzi chogwada pansi sindingachigwiritse ntchito popanda kukwawa pamalo ponyowa. Zimenezi ndikudziwa kuti wophunzira sangazikonze, koma angathe kundifunsa kuti, "Mayi, ndikuthandizeni bwanji kuti mukwere?" m'malo moitana anzake kuti andinyamule osandiuza.

NaPhiri, Nkhamenya

Mwana wanga NaMbewe, zimene munakumana nazo n'zosayenera ndipo sindingaziikire kumbuyo. Monga mzamba ndionjezere mfundo ziwiri kuti ophunzira amene akuwerenga asasokonezeke. Kupuwala miyendo pakokha sikutanthauza kuti mayi sangachire bwinobwino kapena kuti ayenera opareshoni. Mzamba amayenera kumuyeza mayiyo monga amayezera wina aliyense, kuona m'mene chiuno chake chilili, ndipo ngati pali chokayikitsa, kumutumiza msanga ku chipatala chachikulu akadali woyembekezera, osadikira kuti matenda ayambe. Komabe sindikufuna kuti tipite mbali inayo n'kunena kuti funso la m'mene mimba inabwerera lisamafunsidwe konse. Atsikana amene ali ndi ulumali wa muubongo, ndi ena osamva ndi osalankhula, amagwiriridwa m'midzi muno, nthawi zina ndi wachibale yemwe wawaperekeza kuchipatalayo. Funsolo lifunsidwe, koma kuseri, mwaulemu, gadiyani atatuluka, ndiponso mosaganiziratu yankho. Apa ndikuvomereza kuti bambo Zimba anena zoona, kudalira gadiyani kuli ndi ngozi imene changu cha pamzere sichingailungamitse.

aChirwa, Chulu

Ine ndine bambo wa mwana wachialubino. Kalembera yemweyo wa 2018 anawerenga anthu achialubino 134,636 m'dziko muno, choncho mzamba aliyense pa moyo wake wa ntchito akhoza kulandira mwana wotere m'manja mwake. Mawu oyamba amene mzamba amanena, ngakhale nkhope imene amaonetsa, ndi zimene banja limatenga popita kumudzi. Ife tinachita mwayi, chifukwa mzamba amene anathandiza mkazi wanga anatiitana tonse awiri, natifotokozera kuti mwana amabadwa wachialubino pamene bambo ndi mayi onse ali ndi kambewu kake m'magazi ngakhale iwo ali akuda, kuti palibe amene wachimwa, ndiponso kuti mdani wamkulu wa mwanayo ndi dzuwa. Kufotokoza kumeneko kunatseka pakamwa abale anga amene anali atayamba kale kunong'ona za mkazi wanga. Ndikudziwa mabanja amene anatha chifukwa panalibe wowauza zimenezi.

Ndikufuna ophunzira adziwenso kuti kachilonda kosapola pa khutu, pa mlomo kapena pa khosi la munthu wachialubino si kongopaka mankhwala n'kumubweza, chifukwa khansa ya pakhungu imayamba motero ndipo ikapezeka msanga imachizika. Amufunse ngati ali ndi mafuta oteteza khungu ku dzuwa ndi chipewa chachikulu, asamusiye pamzere wa padzuwa, ndipo polemba malangizo a mankhwala alembe zilembo zikuluzikulu popeza ambiri saona bwino.

aNkhoma, Santhe

Ndine mphunzitsi wa pulayimale. Kodi sizingathandize kuti m'makoleji ophunzira azimangidwa nsalu m'maso kwa tsiku limodzi, kapena kukhala pa njinga ya olumala n'kuzungulira chipatala, kuti amve m'thupi mwawo zimene anzathu amakumana nazo?

aKamanga, Kasungu boma

Aphunzitsi a Nkhoma, maganizo anu ndi abwino koma ine sindikugwirizana nawo. Ndine wosaona, ndinaphunzira pa sukulu ya osaona ya Chilanga konkuno ku Kasungu, ndipo uthengawu ndikulemba ndekha pa foni imene imandiwerengera mawu. Munthu woona mukam'manga m'maso kwa ola limodzi, chimene amamva ndi mantha ndi kusowa chochita, amapunthwa, amataya madzi, ndipo pomasula nsaluyo amatsimikiza mumtima kuti moyo wa wosaona ndi wachisoni chosaneneka. Zimene wakumana nazo ndi tsiku loyamba la kusaona, osati moyo wa munthu amene waphunzira kuyenda, kuphika, kuwerenga zilembo za Braille ndi kulera ana. Mapeto ake mwaonjezera chifundo chomwe chija mayi NaBanda anati chikusokoneza ana awo. Kuzungulira chipatala pa njinga kungathandize pa chinthu chimodzi chokha, ndicho kuona masitepe ndi zitseko zopapatiza, koma zikhale kuti akuyenda pamodzi ndi mwini njinga amene akuwalozera.

Chimene chingasinthe wophunzira ndi kukumana nafe tili bwino, osati tili pabedi pokha. Ndiitaneni m'kalasi ndiime kutsogolo monga mphunzitsi, ndiwauze kuti akalowa atchule dzina lawo, asanandigwire anene chimene akufuna kuchita, akamachoka andiuze kuti ndisapitirize kulankhula ndi khoma, ndipo akandipatsa mapaketi awiri a mapiritsi ofanana kukula, pa imodzi amange mfundo kapena kalabala kuti ndisiyanitse ndi zala. Wophunzira amene wafunsapo mafunso kwa mphunzitsi wosaona sadzafunsanso gadiyani kuti, "Akudandaula chiyani awa?"

NaBanda, Kasungu boma

Bambo Kamanga, mfundo yanu ndaigwira, ndipo ndikufuna kuilumikiza ndi ya amayi NaPhiri. Wophunzira wa dipuloma ya unamwino ndi uzamba amakhala zaka zitatu, wa digiri zaka zinayi, kaya ku Kamuzu University of Health Sciences, ku Mzuzu University, ku Malawi College of Health Sciences kapena m'makoleji a CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, monga Nkhoma, Ekwendeni ndi St John's, ndipo gawo lalikulu la nthawi imeneyi amakhala kuwodi. Phunziro la tsiku limodzi lokhudza ulumali, ngakhale litakoma bwanji, lidzafufutika ngati miyezi yotsatira akuona zosiyana. Chimene ndaona pa zaka zanga n'chakuti wophunzira amasamala zimene zili ndi malikisi. Amasamba m'manja pa mayeso a ntchito chifukwa akudziwa kuti akaiwala ataya malikisi, ndipo pobwerezabwereza chimasanduka chizolowezi. Bwanji pa pepala lolembapo malikisilo pasakhale mzere wofunsa ngati walankhula ndi wodwala mwini wake, ngati wapempha chilolezo asanagwire njinga kapena ndodo yake, ngati wapereka mpata woti gadiyani atuluke? Bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi ndi limene limavomereza ndondomeko za maphunziro ndi kulembetsa mayeso opezera chiphaso cha ntchito, choncho mabungwe monga FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali, ndi APAM, bungwe la anthu achialubino, akafuna kusintha kokhalitsa, khomo logogoda ndi limenelo. Koma ife oyang'anira kuwodi sitiyenera kudikira, chifukwa pepala loyesera ophunzira tsiku ndi tsiku lili m'manja mwathu.

Ndikufunanso kuona anthu aulumali ambiri akulowa m'makoleji amenewa monga ophunzira, pakuti amene wakhala m'kalasi imodzi zaka zitatu ndi mnzake wachialubino kapena woyenda motsimphina sangamuonenso munthu wotere ngati wongolandira thandizo.

NaPhiri, Nkhamenya

Pa mfundo yomalizayi ndili ndi nkhawa, NaBanda. Unamwino ndi ntchito ya thupi, pali kutembenuza odwala, kuthamanga mayi akamataya magazi, kuimirira usiku wonse. Sindikukana, koma tisalonjeze ana zinthu zimene wodi idzawakaniza.

aMwale, Chamama

Amayi, nkhawa yanu ndaimva, koma ulumali uli wa mitundu yambiri, ndipo unamwino nawonso uli ndi mbali zambiri: uphungu, sikelo ya ana, kulera, chipatala cha ma ARV, kuphunzitsa. Ine sindingathamange ndi mayi wotaya magazi, zimenezo n'zoona, koma mtsikana wachialubino kapena mnyamata wa mwendo umodzi waufupi chingamuletse n'chiyani? Munthu aliyense ayesedwe pa zimene angathe, osati kubwezedwa pa chipata atangomuona. Tikam'bweza tikhala tikuchita kwa wofuna sukulu zomwe zija wophunzira anachita kwa ine, kuona miyendo n'kuiwala kufunsa.

NaTembo, wophunzira wa chaka chachiwiri

Ndathokoza nonse, makamaka bambo Kamanga ndi bambo Zimba, chifukwa zimene mwalemba ndi zinthu zoti ndingayambe kuchita pa shifiti yanga yotsatira. Ndili ndi funso limodzi limene silinayankhidwe. Nanga wodwala wamkulu amene ali ndi ulumali wa muubongo, amene amamva zina koma zina samvetsa, ndipo akukana jakisoni pamene mayi ake akuti tim'baye, ife ophunzira tichite chiyani?

NaBanda, Kasungu boma

Mwana wanga, choyamba usaganize kuti sangamvetse usanayese. Khala pansi kuti maso anu alingane, lankhula mawu afupiafupi, muonetse jakisoniyo ndi malo amene ubaye, ndipo um'patse nthawi, popeza kukana kwambiri kumachokera ku mantha a zimene anam'chitapo kale pomugwira mwamphamvu. Mayi ake akuthandize kumufotokozera, chifukwa ndi amene amadziwa mawu amene mwana wawo amamva, koma asakhale oyankha m'malo mwake pa chilichonse. Funsa kwa dokotala ngati mankhwala omwewo alipo akumwa. Ngati moyo uli pa ngozi ndipo zaonekeratu kuti sangathe kusankha, chigamulocho si cha wophunzira, itana sisitala ndi dokotala, ndipo zonse zilembedwe m'faelo pamodzi ndi zimene munayesa.

Bambo Zimba, bambo Kamanga ndi mayi NaMbewe, gulu lina la ophunzira likubwera mwezi wamawa, ndipo ndikufuna kupempha akuluakulu anga kuti tsiku lawo loyamba mudzalankhule nawo inuyo, ngati mungalole.

aZimba, Kasungu boma

Ine ndavomera, ndipo ndibwera ndi mnzanga womasulira kuti ophunzira adzathe kufunsa mafunso. Pempho langa ndi lakuti popempha chilolezocho mutchulenso za ndalama ya mayendedwe ndi ya womasulirayo, chifukwa mayi NaMbewe achokera ku Mtunthama, ndipo aphunzitsi ena akaitanidwa kudzaphunzitsa salipira okha galimoto. Mutiuze tsiku likadziwika kuti tikonzekere zizindikiro zoti tidzayambire.